Abale Akabisirana, Maliro Amagwa kwa Anansi

Sewero la pa kanema la Supernatural linatha pa 19 Novembala 2020, koma mlandu wake sunathe. Litayenda masizoni 15 ndi magawo 327, linasiyira otsatira ake mkangano umene ukangoyambika umathera m'kunyozana: pakati pa Sam ndi Dean Winchester, wabodza wamkulu ndani? Anayamba kubisira mnzake ndani? Masapota a Dean ali ndi mndandanda wa machimo a Sam, woloweza pamtima, sizoni yake ndi gawo lake lomwe. Masapota a Sam nawo ali ndi wawo. Olemba seweroli ankaudziwa bwino mkanganowu, moti mu 2009 anaulowetsa m'sewero momwemo: abale awiriwa anatulukira kuti pali mabuku ofotokoza moyo wawo, Dean n'kudabwa poona pa intaneti kuti owerenga anagawikana, ena a Sam, ena a iye.

Ine ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zikulira maliro olakwika. Zimamvera chisoni amene wanamizidwa, Sam kapena Dean, ngati kuti wovulala ndi iyeyo. Chonsecho awiriwo amafa n'kudzuka, amayambana n'kubwererana, n'kukwera galimoto yawo kumapita. Osadzukawo ndi anthu ena. Amene simunalionepo ndipo mukufuna kudzaonera, dziwani kuti pano ndiulula zonse mpaka mathero.

Seweroli analiyambitsa ndi Eric Kripke, ndipo gawo loyamba linaonetsedwa ku America pa 13 Seputembala 2005. Nkhani imayambira mumzinda wa Lawrence ku Kansas, usiku wa pa 2 Novembala 1983. Chiwanda cha maso achikasu, Azazel, chinalowa m'chipinda cha khanda. Mayi a anawo, a Mary, anafera kudenga moto uli lawilawi. Bambo, a John, ananyamula Sam wa miyezi 6 n'kumuika m'manja mwa Dean wa zaka 4, amvekere thamanga naye panja, usacheuke. Ntchito imeneyo Dean sanaitulenso. Anakula akudziwa kuti iye ndi mlonda wa mng'ono wake, ndipo sanaphunzitsidwepo kuti wolonderedwayo nayenso amafunika kufunsidwa maganizo.

A John anasanduka mlenje wa ziwanda, mizukwa ndi zilombo zausiku. Ana anakulira m'maresitihausi a m'mbali mwa msewu ndi pampando wakumbuyo wa Chevrolet Impala yakuda ya 1967. Ndalama ankazipeza ndi makhadi akubanki achinyengo. Pa ntchito ankalowa ndi ziphaso zabodza, lero ndi apolisi a FBI, mawa ansembe, mkuja atolankhani. Lamulo la pabanjapo linali lakuti zimene timachita, osauza munthu. Ndiye mwana amene waleredwa chonchi, bodza salisiya pakhonde akamalowa m'nyumba.

Woyamba kulipira anali Jessica Moore. Sam anathawa moyo waulenjewu n'kupita ku yunivesite ya Stanford, cholinga adzakhale loya. Ankakhala ndi chibwenzi chake Jessica osamutsina khutu za banja lake. Analotanso kangapo mtsikanayo akupsa kudenga, malotowo n'kungowameza. Usiku umene anabwerako koperekeza Dean kukafunafuna bambo awo, anagona chagada pabedi, dontho la magazi n'kumugwera pachipumi. Masapota a Sam amati ngakhale akananena sipakanasintha kanthu. Mwina. Koma mwayi wothawa kapena wokhala Jessica sanapatsidwe.

Chinsinsi chimene chinaola n'kununkhitsa zaka zambiri chinabadwira m'chipatala, kumayambiriro kwa sizoni yachiwiri mu 2006. Thiraki inali itawomba Impala, Dean ali chikomokere, madokotala atataya mtima. A John anatsikira kuchipinda chapansi cha chipatalacho n'kuitana Azazel yemwe uja, mdani amene anamusaka zaka 22. Anamupatsa mfuti ya Colt, yomwe ikanatha kumupha, n'kuwonjezerapo mzimu wawo, kuti Dean achire. Dean atatsitsimuka, a John anatuma Sam kukagula khofi. Anawerama n'kunong'oneza Dean kukhutu. Ife oonera sitinamve kanthu, tinangoona nkhope ya Dean ikusintha. Sam pobwera anapeza bambo ake ali thasa pansi, kapu ya khofi n'kumupulumuka m'manja.

Usiku wotentha mtembo, monga mwa mwambo wa alenje, abale awiri ataima pamoto, Sam anafunsa ngati bambo ananenapo kanthu asanamwalire. Dean anati ayi, sananene chilichonse. Chimene anauzidwa chinali chakuti ayesetse kumupulumutsa Sam, ndipo zikakanika amuphe. Mnyamata wa zaka 27 anasenza mawu amenewo yekha. Tinamuona akuphwanya buti ya galimoto imene ankaikonda kuposa chilichonse, akuimenya ndi chitsulo mpaka kubooka. Ataulula pakati pa sizoniyo, Sam anakwiya n'kuchoka usiku osatsanzika, ndipo tsiku lina ataledzera anaumiriza mkulu wake kulonjeza kuti akadzasanduka chilombo adzamuphadi. Mawu a bambo aja muwasunge, abweranso.

Kumapeto kwa sizoni yomweyo Sam anabayidwa kumsana ndi Jake Talley m'tauni yabwinja ya Cold Oak, n'kufera m'manja mwa Dean. Dean, amene chaka chonse ankadandaula kuti bambo ake anamufera osamufunsa, anayendetsa galimoto mpaka pamphambano, anakwirira kabokosi ka zizimba n'kugulitsa mzimu wake. Ena amapatsidwa zaka 10, iye anapatsidwa chimodzi. Sam atadzuka anamuuza kuti unangovulala. A Bobby Singer, mkulu wogulitsa magalimoto akutha ku Sioux Falls amene anyamatawa ankamutenga ngati bambo, anangomuona Sam akuyenda n'kudziwiratu. Anamutengera Dean kuseri, ukali ndi misozi zili pamodzi, koma Dean anawachonderera kuti asaulule. Sam anazimvera kwa amene anamupha. Nayenso Sam anali ndi chake m'thumba: Azazel anali atamuonetsa kuti usiku wa moto uja anamudonthezera magazi a chiwanda m'kamwa ali khanda. Anakhala nacho chinsinsi chimenecho kupitirira chaka.

Apa m'pamene akulowera Ruby. Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Ruby anabweradi ndi mpeni wopha ziwanda, iye mwini ali chiwanda. Anauza Sam kuti angathe kupulumutsa Dean ku gehena. Linali bodza. Mu Meyi 2008 agalu a ku gehena anamukhadzula Dean mng'ono wake akuona. Sam atatsala yekha, akumwa usana ndi usiku, akufunafuna imfa, amene anamutola anali Ruby. Anamuphunzitsa kutulutsa ziwanda m'matupi a anthu ndi mphamvu ya m'maganizo, ndipo mafuta a mphamvuyo anali magazi a chiwanda. Sam ankamwa.

Patatha miyezi 4 mngelo Castiel anamutulutsa Dean ku gehena. Dean ndi a Bobby atagogoda pachipinda chimene Sam ankagona, anatsegula ndi mtsikana amene anawafunsa ngati abweretsa pizza. Anali Ruby m'thupi latsopano, ndipo Sam anamusiya achoke ngati kamtsikana kongocheza nako. M'galimoto Dean anafunsa ngati Sam anagwiritsapo ntchito mphamvu zija, Sam n'kukana kwamtuwagalu. Sam anafunsa za ku gehena, Dean n'kunena kuti sakukumbukira kanthu. Onse awiri ankanama, atakhala moyandikana pampando umodzi. Dean ankakumbukira zonse. Miyezi 4 ya padziko inali zaka 40 kumeneko. Kwa zaka 30 anakana pamene chiwanda china, Alastair, ankamunyengerera kuti atsike pomwe ankazunzidwira azizunza anzake, kenako anavomera, ndipo anazunza mizimu zaka 10. Kuvomera kumeneko n'kumene kunathyola loko woyamba mwa maloko 66 ofunika kuthyoledwa kuti Lucifer atuluke m'ndende yake.

Mkangano wa masapota umatentha kwambiri pa sizoni yachinayiyi. A Dean amati Sam anasankha chiwanda kusiya mkulu wake amene anamupitira ku gehena, ndipo pa ndewu ya kuhotela anamukanyanga pakhosi. A Sam amayankha kuti mpeni wa Ruby umapha chiwanda ndi munthu wogwidwayo, pamene mphamvu za Sam zinkasiya munthu wamoyo, ndipo mnyamata amene mkulu wake wamutchula kuti chilombo n'kumutsekera m'chipinda chachitsulo kwa a Bobby angaulule bwanji zakukhosi? Zonsezi n'zoona. Koma taonani amene ankadziwa zinsinsi zonse ziwiri. Ruby ankadziwa cha Sam. Alastair ndi angelo ankadziwa cha Dean. Mbali zonse, kumwamba ndi kumidima, zinkafuna kuti Lucifer atuluke, ndipo chimene zinkasowa chinali abale awiri osalankhulana. Chinsinsi sichigona chokha. Ukamubisira mbale wako pamakhala wina amene wamuuza, kapena amene waona, ndipo ameneyo ndiye wakugwira chingwe.

Umboni wake ndi uthenga wa pafoni. M'gawo lomaliza la sizoniyo, Dean mtima utatsika anaimbira Sam n'kusiya uthenga wa mawu wopepesa, wonena kuti ndife abale ndipo palibe chingasinthe zimenezo. Umene Sam anamva ali panja pa nyumba ya masisitere ku Ilchester, Maryland, unali wina. Mawu anali a Dean, koma akumutchula chilombo chopopa magazi, akumukumbutsa kuti bambo anati ndikupulumutse kapena ndikuphe, ndiye zokupulumutsa ndasiya. Uthengawo unasinthidwa panjira, ndipo seweroli limaloza chala angelo. Sam sanakayikire ngakhale pang'ono. Akanakayikira bwanji, poti mawu amenewo analipodi ndipo anabisidwapo kale kwa iye? Analowa n'kupha Lilith, chiwanda chimene chinkathyola malokowo, akuganiza kuti akuletsa chiwonongeko, osadziwa kuti imfa ya Lilith ndiyo loko womaliza. Ruby anayamba kudzitama pomwepo. Anamupha ndi mpeni wake womwe, Sam atamugwira manja Dean n'kubaya, koma pansi panali patayamba kale kutseguka. Anthu amene anafa m'sizoni yotsatira, matauni athunthu, sanadziwe n'komwe dzina la Winchester. Ndipo seweroli silinationetsepo abalewa akukambirana za uthenga uja.

Munthu ungaganize kuti apa aphunzira. Ayi ndithu. Sam anadziponya m'ndende ya Lucifer mu 2010, anatulutsidwamo, n'kukhala chaka chathunthu osamuuza Dean kuti ali moyo, a Bobby akudziwa. Mu 2011 kunabwera nkhani ya Amy Pond, mkazi wamtundu wa kitsune, zolengedwa zodya kachiwalo ka mu ubongo wa munthu. Ali mtsikana, Amy anapha mayi ake omubereka kuti apulumutse Sam. Atakula ankagwira ntchito yokonza mitembo kuti azidya za akufa, koma mwana wake atadwala anapha anthu angapo. Sam anamukhululukira n'kupempha Dean kuti amukhulupirire. Dean anavomera ndi pakamwa, kenako anazemba n'kukamubaya Amy, mwana wake Jacob n'kutulukira pakhomo. Sam anazimva kwa chilombo chimene chinavala nkhope ya Dean. Chaka chotsatira Dean anabwerako ku Purigatoriyo ali ndi mnzake wopopa magazi, Benny, n'kumubisa. Sam atadziwa anatuma mlenje wina wodwala maganizo, Martin, kuti azimulondalonda. Dean pofuna kumuchotsa Sam panjira anamutumizira meseji yabodza ngati yochokera kwa Amelia, mkazi amene Sam ankamukonda. Sam analiyatsa liwiro la ku Texas, Martin n'kutsala yekha. Kunja kusanache kawiri Martin anali mtembo.

Koma mlandu umene ine ndimaimapo ndi wa Kevin Tran.

Kevin anali mwana wasukulu wa ku Michigan, wanzeru, woimba cello, wolota za yunivesite ya Princeton. Tsoka lake linali lakuti anasankhidwa kukhala mneneri, yekhayo wotha kuwerenga miyala yolembedwa mawu a Mulungu. Chifukwa cha miyalayo Crowley, mfumu ya ku gehena, anamuphera chibwenzi, anamudula chala, n'kumulanda mayi ake. Kevin anathera m'nyumba yapansi ya abalewa ku Lebanon, Kansas, akugwira ntchito yawo usiku ndi usana. Tsiku lina atafuna kuchoka, Dean anamuletsa pomuuza kuti iwe ndi wapabanja pathu.

Zimenezi zisanachitike, Sam anali atangotsala pang'ono kutseka zipata za gehena, ntchito imene ikanamudyera moyo. Dean anamuletsa m'katchalitchi kena, Sam n'kumvera, koma thupi linali litapsa kale m'kati. Kuchipatala dokotala anati zatsala m'manja mwa Mulungu. Dean anapemphera kwa mngelo aliyense amene angamve, ndipo anabwera wina wodzitcha Ezekiel. Anati angamuchize Sam ali m'kati mwake. Koma mngelo salowa mwa munthu popanda mwiniwake kuvomera, ndipo Dean ankadziwa bwino lomwe kuti Sam, amene analowedwapo ndi chiwanda Meg komanso Lucifer, angalole kufa kusiyana n'kulowedwanso. Mngeloyo anamuonetsa zimene zinkachitika m'mutu mwa Sam: anali atakhala pansi ndi Imfa, akupempha kuti ulendo uno ukhale womaliza, pasapezeke woubweza, pasavulalenso munthu chifukwa cha iye. Dean anamva pempho limenelo ndi makutu ake. Kenako analola kuti mngeloyo avale nkhope yake, alowe m'malotomo, amufunse Sam ngati akulola kuthandizidwa. Sam anati inde kwa mkulu wake. Amene analowa ndi wina.

Kuyambira pamenepo Dean anasanduka wantchito wa chinsinsi chake chomwe. Mngeloyo anati Sam asadziwe, chifukwa akadziwa anditulutsa, ndipo ndikatuluka afa. Dean anavomera. Sam akamadabwa kuti nthawi ikumudumpha, kuti bala la pakhosi lapola lokha, Dean ankapeka nkhani. Castiel atafika m'nyumbamo ali munthu wamba, wopanda mphamvu, wopanda kolowera, angelo anzake akumusaka, mngelo uja anati uyu achoke apo ayi ndichoka ndine. Dean anamuthamangitsa mnzake wapamtima osamuuza chifukwa. Ndiye tsiku lina Castiel anaimba foni n'kunena kuti Ezekiel weniweni anafa kalekale pamene angelo ankagwa kumwamba. Amene anali mwa Sam anali Gadreel, mlonda wa munda wa Edeni amene analowetsa njoka, ndipo anali atayamba kale kugwirizana ndi Metatron, mdani wawo.

Madzi atafika m'khosi Dean anathamangira kwa Kevin kukapempha njira yogonetsera mngelo kwa kanthawi, kuti alankhule ndi mwini thupi. Kevin anafunsa kuti n'zandani. Dean anangoti undikhulupirire. Mnyamatayo anayankha kuti nthawi zonse ndimakukhulupirira, ndipo nthawi zonse wopwetekeka ndimakhala ine. Anajambula zizindikiro za njirayo pakhoma osadziwa kuti mdani amadya naye patebulo limodzi. Gadreel anali atamva zonse ndipo anazisokoneza. Dean anaulula tchimo lake lonse kwa munthu amene ankaganiza kuti ndi Sam, n'kulandira chibakera. Pamene ankadzambatuka, Kevin anali akufunsa thupi la Sam ngati laona kuti Dean sakuoneka bwino masiku ano. Dzanja la Sam linagwira mutu wa Kevin, kuwala kunatuluka m'maso ndi m'kamwa, mwana uja n'kugwa pansi maso atapsa. Gawo limeneli linaonetsedwa pa 3 Disembala 2013, ndipo limatha Dean akuitana dzina la Kevin kawiri, mwakachetechete, ngati mwina ayankha.

Kevin akanauzidwa chiganizo chimodzi chokha, chakuti mwa Sam muli mngelo, akanadziwa woti amuthawe. Sanauzidwe chifukwa Dean ankateteza mng'ono wake. Kuti Gadreel atuluke panafunika kulowetsanso Crowley m'mutu mwa Sam, ndiye munthu amene ankaopa kulowedwa ndi mmodzi analowedwa ndi awiri nthawi imodzi, n'kutsala ndi chikumbumtima cha manja ake akupha mnzake.

Pano ndiime kaye ndi inu amene mukuwerenga, makamaka achimwene ndi achemwali oyamba kubadwa, amene munalera ang'ono anu makolo atapita. Chifundo cha Dean mukuchidziwa. Ndi chomwe chija chimatichititsa kuti dokotala akatiitanira pambali n'kutiuza za matenda a m'bale wathu, tibwerere pabedi tikumwetulira n'kunena kuti akuti ndi malungo chabe. Timati tikumusungira mtima. Nthawi zina n'zoonadi. Koma wodwalayo mwina akanafuna kuitana ana ake, kugawa munda, kubweza ngongole, kupepesa kwa wina. Ndipo mukafuna kudziwa ngati mukubisa chifukwa cha iye kapena chifukwa cha inu, dzifunseni ngati yankho lake mukulidziwa kale. Dean sanabise chifukwa chokayikira zimene Sam anganene. Anabisa chifukwa ankadziwa kuti Sam akana.

Sam anamuuza zomwezo m'khitchini, mu Febuluwale 2014: sunandipulumutse chifukwa cha ine, unachitira iwe mwini, chifukwa sungathe kukhala wekha. Dean anati nawenso ukanachita chimodzimodzi. Sam anati ayi, sindikanatero. Masapota a Dean sanamukhululukire mpaka lero chifukwa cha mawu amenewo, amati ndi mwana wosayamika. Masapota a Sam anaombera m'manja kuti tsopano wina wanena chilungamo. Anafulumira. Sam yemweyo, chaka chimodzi chokha chitadutsa, anachita zomwe ananyoza.

Dean anali atalandira chizindikiro cha Kaini pamkono, osafunsa munthu, osadikira n'komwe kumva mtengo wake. Chinkamusandutsa wakupha pang'onopang'ono. Mankhwala ake anali m'buku lina la matsenga lolembedwa pachikopa cha munthu, ndipo Dean ataligwira anamva kuipa kwake n'kulamula kuti liwotchedwe. Sam anaponya pamoto buku lina, lenilenilo n'kulibisa. Analitengera kwa Rowena, mfiti, mayi ake a Crowley. Anakokeramo Castiel. Anakokeramonso Charlie Bradbury, katswiri wa makompyuta amene abalewa ankamuona ngati mlongo wawo. Charlie sanakondwe nazo zomunamiza Dean ndipo ananena poyera, koma anavomera chifukwa chomukonda. Atatopa ndi phokoso la Rowena anazemba n'kukagwirira ntchito kuresitihausi yekha, ndipo banja la Styne, eni bukulo, linamupeza kumeneko. Anadzitsekera kubafa, anatumiza kwa Sam zimene anamasulira, n'kuphwanya kompyuta yake. Dean anamva zoona zake pafoni nthawi itatha kale. Anamupeza m'bafa losambira, magazi okhaokha. Akanakhala kuti ntchitoyo inkachitikira poyera, Charlie akanakhala m'nyumba yapansi ija, yotetezedwa kuposa malo ena alionse.

Pamoto wotentha mtembo Sam anayamba kupepesa, Dean n'kumudula: pamenepa pakanayenera kugona iwe. Kenako anapita ku Shreveport kukapulula banja la Styne, n'kudzapha ngakhale kamnyamata kawo Cyrus kamene kankadana ndi zochita za makolo ake. Sam sanasiyebe. Rowena anamaliza matsengawo, chizindikiro chinachoka pamkono wa Dean, ndipo zinadziwika kuti chinali loko wotsekera Mdima, mlongo wake wa Mulungu m'nkhaniyi. Dziko linalowanso m'mavuto chifukwa m'bale wina sanafune kumva kuti ayi.

Tisaiwale kuti ili ndi sewero, ndipo olemba ali ndi zifukwa zawo. Amuna awiri m'galimoto imodzi, nthawi zambiri magawo opitirira 20 pachaka, akamagwirizana pa chilichonse oonera agona. Chinsinsi n'chotchipa kulemba, ndipo chimabereka ndewu, kupatukana ndi kukumbatirana, zonse zimene masapota amadikira. Koma kuti chinsinsicho chioneke cholemera pamafunika mtembo, ndipo mtembowo sukanakhala wa Jared Padalecki kapena Jensen Ackles, osewera a Sam ndi Dean, amene ankakhala ndi kontirakiti ya sizoni yotsatira. Imfa ya Charlie inawawa anthu kwambiri moti pa msonkhano wa Comic-Con ku San Diego mu 2015, wina atafunsa Jeremy Carver, amene ankatsogolera olemba, chifukwa chomuphera, osewera a m'seweroli anamufulatira n'kumusiya aziyankha yekha. Ngakhale zili choncho sindinganene kuti olembawo ananama. Pa ichi chokha anajambula moyo monga ulili.

M'masizoni omaliza abalewa anayamba kuuzana zambiri. Dean ataulula kuti Mdima uja ukumukoka mtima ndipo sangathe kuupha, Sam sanamuweruze. Koma chizolowezi chinangosamukira kwa wina. Mu 2019 Jack, mwana wa Lucifer amene anamulera ngati wawo, anapha mayi awo mwangozi, a Mary omwe anali ataukitsidwa. Abalewa anagwirizana zomunyengerera kuti alowe m'bokosi lachitsulo losatsegukanso, pomuuza kuti n'kwakanthawi pamene akumufunira mankhwala. Dean anasankha Sam kuti ndiye alankhule, poti Jack ankamukhulupirira kwambiri. Jack analowa yekha, anazindikira, n'kuliphulitsa bokosilo. Akuyenda mumsewu n'kumamva mabodza a anthu mbali zonse, analamula kuti kunama kuthe, ndipo dziko lonse linalephera kunama mpaka maofesi anasanduka mabwalo a ndewu. Gawo limenelo n'loseketsa, koma mwana amene analamula zimenezo anaphunzira kuipa kwa bodza kunyumba kwa a Winchester.

M'gawo lomaliza Dean anakankhidwira pachitsulo chotuluka pamzati, m'shedi ya pafamu, akumenyana ndi opopa magazi wamba. Sam anati aitane thandizo, anati apeza njira. Dean anamuletsa. Anamupempha maso ndi maso kuti asamubweze, chifukwa onse awiri ankadziwa mmene zimathera, ndipo anapempha kuti Sam amuuze kuti palibe vuto, angathe kupita. Sam analira n'kunena mawuwo. Sanapite pamphambano, sanaitane mngelo, sanafunefune mfiti. Anatentha mtembo wa mkulu wake, anakhala ndi mwana n'kumutcha Dean, anafa ali nkhalamba.

Otsatira ambiri mathero amenewa anawakwiyitsa, ndipo zina mwa zifukwa zawo n'zomveka. Koma pali dandaulo limodzi limene limandidabwitsa, lakuti Sam anagonja msanga, akanayesa kena kake monga ankachitira kale. Pa nthawiyo anzawo amene anali atatsala ndi moyo anali owerengeka: Jody Mills ndi atsikana amene ankawalera, Donna Hanscum, Garth ndi ana ake. Odandaulawo sanena kuti mwa amenewa akanakonda apite ndani.